Achimwene Athu, Wometa Amene Sanabise Matuza

Lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, achimwene. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munamata pakona pa galasi m'shopu yanu yometera. Tasankha chimenechi kuti anthu aone nkhope yanu mmene inalili matenda a mpox asanaigwire. Ndikulemba ndine mng'ono wanu, m'malo mwa banja lonse. Amayi andiuza kuti ndilembe mofatsa. Ndiyesa.

Timakumbukira mluzu wanu mukamapukuta makina ndi sipiriti, nyimbo imodzimodzi yopanda mutu ndi mchira. Munthu wadazi akakhala pampando munkamuuza kuti asagwedezeke, muyambe mwalisaka tsitsilo, ndipo onse a pabenchi ankafa nalo phwete. Mwana akamaopa kulira kwa makina munkamugwiritsa kaye m'manja kuti aone kuti saluma. Ine nditasiya sukulu munandiphunzitsa kumeta pamutu panu pomwe, ndipo zigamba zimene ndinkakusiyani nazo munkayenda nazo mumsika osavala chipewa. Munkanditchula Kamoto. Munkati pakamwa panga pamathamanga kuposa manja, ndipo pamenepa sindinasinthe kwenikweni.

Matuza atatuluka m'manja mwanu, thupi likutentha, mwanabele atatupa, simunavale malaya a mikono yaitali ngati mmene ankachitira ena. Munatseka shopu, munapita kuchipatala, ndipo munawatchulira alangizi a zaumoyo aliyense amene munamumeta masiku amenewo kuti akamuone. Ena mwa iwo anapezeka nawo, anathandizidwa msanga, lero akulima minda yawo. Inu thupi linali lofooka kale. Zilonda zinafika mpaka kukhosi, madzi omwe anakukanikani kumeza, ife tikukuonerani pazenera la kachipinda kamene anakupatulirani. Matiresi, bulangete ndi zovala zanu tinaziwotcha kuseri kwa nyumba. Alamu sanatsale ndi shati yanu ngakhale imodzi. Nanga anthu anakuthokozani bwanji? Kuno matendawa sawatchula mpox ayi. Amati matenda a wometa. Amene anakupatsirani matendawa, uja anakhala pampando wanu atabisa zilonda m'kolala, akudya bwino kwawo, dzina lake lili mbee. Amene munanena zoona ndinu mwasanduka dzina la mliri.

Amayi sadutsanso njira ya kushopu, amazungulira kuseri kwa chigayo ngakhale miyendo ikuwavuta. Alamu amakagulitsa tomato kumsika wakutali, chifukwa apa anthu anasiya kulandira chinthu kuchokera m'manja mwawo. Mwana wanu Kanjiwa naye anatengera. Anachira, koma zipsera zatsala m'masaya, ndipo kusukulu anakhala yekha padesiki teremu yathunthu. Amandifunsa ngati munalakwa kunena. Ndimamuyankha kuti ayi, koma iye ali ndi maso. Akuona kuti anthu anatolapo phunziro lopotoka: mwana akatuluka matuza amamutsekera m'nyumba, kumufunditsa bulangete limodzi ndi abale ake, kuopa kuti banja lawo lingatchuke ngati lathu.

Shopu ndinaitsegulanso. Mwezi watha mwini golosale, yemwe uja anayambitsa dzina loipali, anabwera ndi mwana wake wamwamuna kudzametetsa, poti wometa wina ali kutali. Nditapinda kolala ya mwanayo ndinaona matuza pakhosi, atawapaka mafuta kuti asaoneke. Pabenchi panali anthu. Achimwene, mtima unandiuza kuti ndikuwe mpaka msika wonse umve, matendawa asinthe dzina tsiku lomwelo, nawonso alawe zimene Kanjiwa walawa. Koma mwanayo ankandiyang'ana pagalasi, akunjenjemera ndi kutentha thupi. Ndinazimitsa makina, ndinauza a pabenchi kuti batire latha abwere tsiku lina, ndipo bambowo ndinawaitanira kuseri. Anandichonderera kuti ndisauze munthu. Ndinawauza kuti kumsika sindinena, koma kuchipatala tipita limodzi nthawi yomweyo, afune asafune. Mwanayo wachira, ndipo ang'ono ake sanatengere. Bambo ake sanabwere kudzapepesa kwa amayi. Dzulo lomweli ndawamva m'golosale mwawo akuchenjeza kasitomala kuti asamale ndi matenda a wometa.

Iwo akutchuleni mmene akufunira. Ife, amayi anu, akazi anu, Kanjiwa ndi ine Kamoto, tikudziwa chimene munachita, ndipo sitidzakuiwalani.