Simukhadi Yosakwera Mapiri

Deventer
21 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mapazi anu sanatupe ndi ulendo wanu wopatulika wa ku Spain. Ife kuno tilipo, kupatula Amayi. Tinawaika m'manda Lachisanu lapitali.

Khalani pansi, nkhani ikadalipo.

Mukukumbukira tsiku lija ndinakuperekezani kusitolo ya mafoni? Kafoni kanu kamabatani kanagona m'kabati kuyambira pamene munapuma ntchito, ndiye kanafunika simukhadi yoti tizikupezerani muli kunja. Mtsikana wogulitsa uja anayala ziwiri patebulo.

"Iyi imagwira m'maiko a mgwirizano wa Ulaya okha," anatero. "Inayi imagwira kulikonse, ngakhale ku Switzerland. Agogo, ulendo ndi wakuti?"

"Ku Spain, mwanawe. Ndikayenda wapansi kupempherera mkazi wanga," munayankha, dzanja lili pachifuwa.

Ine ndinati, "Bambo, tengani yachiwiriyi. Sitima zamasiku ano zimasochera n'kukwera mapiri."

"Iwe Lieselot, ku Switzerland ndinatayako chiyani? Sukulu yonse ija, mapu anakukanika?"

Mtsikana uja anaseka, inunso munaseka. Tinatenga yoyambayo, poti mwana woleredwa bwino satsutsa bambo ake pagulu.

Amayi anayamba kubanika Lamulungu, kunyumba yosamalira odwala kuja. Mwana wanu Sjoerd anakuimbirani mpaka foni kutentha, koma ankangomuyankha mayi wam'makina uja kuti nambalayi sikupezeka. Anaimbira nyumba zogona apaulendo za ku Spain, ndi Chisipanishi chake chothyokathyoka, kufunsa za nkhalamba yaitali yachipewa chobiriwira. Analira, akuti mwina mwagwera kuphompho. Ndinamuuza kuti apukute misozi, kumene muliko mukudya bwino.

Sjoerd atatuluka, Amayi anandikoka mkono.

"Hendrik wafika kutchalitchi kuja?"

"Afika kumene amapembedza, Amayi."

"Ndiye kuti ali ku Chur, ku Switzerland," anatero. "Imba kunyumba kwa Verena. Umuuze Hendrik kuti sindinakwiye, angobwera."

Nambalayo anaitchula pamtima, Bambo, ngati pemphero la Atate Athu. Zaka zonsezi inu mumati Amayi sadziwa ngakhale kuyatsa wailesi.

Sindinaimbe. Munanena nokha, mboni ilipo, kuti ku Switzerland simunatayeko kanthu. Ndikanaimba, bwenzi nditakuyesani wabodza, ndipo zimenezo simunandiphunzitse. Amayi ndinawauza kuti mwakwera kale sitima. Anapempha kuti ndiwapese tsitsi, ndipo anakhala maso ali pakhomo mpaka Lolemba masana. Mwina mudzati pamenepo ndinalakwira iwo kuposa inu. Zimenezo tidzakambirana ine ndi iwo, inu sizikukukhudzani.

Maliro anayenda bwino. Ansembe anakutamandani kwambiri, akuti chikondi chotere n'chosowa, mwamuna kutha nsapato chifukwa cha mkazi wake. Azakhali a Geertje analira mpaka kutsamwa keke. Mpando wanu wakutsogolo tinaikapo zikhoti za alendo, ndiye sunapite pachabe.

Sjoerd sindinamuuze kanthu, ndipo ndi amene adzakuchingamireni kusiteshoni. Akufuna kudzamva za matuza akumapazi. Muyambiretu kuyeserera kutsimphina.

Simukhadi ija musataye, ilibe vuto. Mtsikana uja sananame: sitima ikadzangodutsa malire kulowa mu Germany, kafoniko kadzadzuka kokha, ndipo mauthenga onse amene akukudikirani adzalowa motsatizana. Ambiri ndi a Sjoerd, mukhoza kuwadumpha. Womalizawo ndi wa Amayi. Foni ndinawagwirira ndine, chifukwa manja anali atafooka. Mawu ake ndi otsika kwambiri, ndiye mudzaumvere pamalo opanda phokoso.

Mundiperekere moni kwa Mayi Verena, amene akupatsirani kalatayi pamodzi ndi khofi wam'mawa. Muwathokoze potisungira bambo athu pamene ife tinali otanganidwa.

Ndine mwana wanu womvera,
Lieselot