Ndinataya mawu a achemwali anga m'bini ya pa foni

Aphungu,

Pepani ngati kalata yangayi ili yokhotakhota. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndipo kulankhula pamaso pa anthu sindimatha. Kwathu amati ndine wolemera pakamwa. Papita masiku asanu ndi anayi chichitikire zimene ndikufuna kukuuzanizi, ndipo palibe wachibale ngakhale mmodzi amene ndamuuza.

Ndili ndi zaka 24. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi ena ake, ndimawatchula kuti madamu. Ndakhala nawo zaka zinayi. Si ankhanza ayi, kungoti ndi anthu othamanga. Amalankhula nawe makiyi a galimoto ali kumanja, mwendo wina uli kale panja. Chaka changa chachiwiri anandipatsa foni yawo yakale kuti azindiimbira akakhala kuntchito. Zithunzi zawo anachotsamo, koma akaunti yawo ya imelo anaisiya momwemo. Ine sindinkadziwa kuti chilichonse chimene ndajambula chimapita chokha kumalo osungira zinthu pa intaneti, kumene amati ku kilaudi, ndipo chimakakhala m'dzina la madamu.

Chaka chatha achemwali anga anadwala. Ndi amene anandilera makolo athu atatisiya. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, ankamutcha Kadontho chifukwa anabadwa wochepa kwambiri. Panopa ali ndi zaka zisanu, ndimakhala naye m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya madamu. Achemwali atadziwa kuti sadzuka, anandiuza kuchipatala kuti, "Bwera nayo foni yakoyo. Iwe ndimakudziwa, ndikakutuma mawu ukawameza panjira." Tinaseka, ngakhale kuseka kunkawapweteka m'chifuwa.

Anajambulitsa mavidiyo asanu ndi awiri. Awiri oyamba ndinagwira foni ndine. Ina akumuimbira mwana nyimbo yomugoneka, ina akumufotokozera mmene anabadwira. Asanu otsalawo anati nditsamiritse foni pa kapu, pa kalokala ka pambali pa bedi, ine ndituluke. Nditabwerera anati, "Awa si ako, mng'ono wanga. Yoyamba udzamuonetse mwanayu tsiku loyamba sukulu. Ina akadzakula, ina akadzafuna banja, ina akadzabereka. Yomaliza ndi ya tsiku limene mudzakangane kwambiri, chifukwa mudzakangana basi. Usasuzumire." Aphungu, sindinasuzumire ngakhale kamodzi. Foni itadzaza inandifunsa ngati ichotse zimene zasungidwa kale ku kilaudi kuja. Ndinavomera, popeza ndikatsegula ndinkaziona zilipobe.

Lolemba lina ndikukolopa pakhonde madamu anatuluka ali ndi chikwama paphewa. Anati, "Iwe, maimelo anga sakulowa, akuti akaunti yadzaza. Ndatsegula ndapeza nkhope yako ndi ya mwana zokhazokha. Ndiye chifukwa chake laputopu yanga yakale ija inkalemera n'kumachedwa. Pofika Lachisanu uzisamutsire kwako, wamva?" Ndinati ndamva. Ndinafuna kuwauza kuti muli achemwali anga mmenemo, koma geti linali litatseguka kale.

Lachitatu atandituma kumsika ndinadzera kwa bambo wina wokonza mafoni, anthu amamutcha Injiniya. Ali ndi kabenchi pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu, ndi bokosi lagalasi lodzaza mafoni akufa. Atandiona anati, "Asisi, mukuopa chiyani? Pano timabaya mafoni, osati anthu." Ananditsegulira akaunti yanga yanga. Kenako anasonkhanitsa zinthu zanga zonse mu foda imodzi ku akaunti ya madamu, anadinadina, n'kulowa mu akaunti yatsopano ija. Foda inali pomwepo, nkhope ya achemwali ikuoneka pa kabokosi kakang'ono. Anati, "Mwaona? Katundu wafika kwanu. Tsopano kwa abwanako mukhoza kukasesa." Mumtima ndinali ndi funso, koma kumbuyo kwanga kunali anthu anayi, wina akuguguda phazi pansi. Ndinangothokoza n'kuchoka.

Nditafika kunyumba ndinafufuta foda ija ku akaunti ya madamu. Kenako ndinaona chithunzi cha bini, ndipo nditatsegula zonse zinali mmenemo. Aphungu, m'nyumba muno lamulo loyamba limene ndinaphunzira ndi lakuti ntchito sinathe ngati m'bini muli zinyalala. Sabata yanga yoyamba ndinakalipiridwa chifukwa cha zimenezi, ndipo chiyambire pamenepo ndikasesa ndimakhuthula bini osaganiza n'komwe. Ndinaopa kuti madamu atsegula apeza ndawasiyira uve. Ndiye ndinakhuthula. Foni inandifunsa zina zake m'Chingerezi, ine ndinadina batani limene linali lowala.

Titadya madzulo Kadontho anapempha nyimbo ya amayi ake monga amachitira. Ndinatsegula akaunti yanga yatsopano. Munalibe kanthu. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, katatu konse. Munalibe.

Mawa lake ndinabwerera kwa Injiniya. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Mwakhuthulanso bini? Asisi inu, ine ndinati kusesa, sindinati kutentha nyumba." Anthu amene anali pabenchi anaseka. Kenako anati ndimusiyire foni, ndibwere ndi pasiwedi ya madamu, ali ndi pulogalamu ina yake yoti ayese. Pasiwediyo ndilibe, ndipo sindingaibe.

Lachisanu madamu anandiyamikira. Anati, "Wachita bwino, maimelo akulowa. Ukuona, ndiwe wochenjera iwe, umangodzibisa." Anatenga foni yanga n'kuchotsamo akaunti yawo. Ine ndinangoti zikomo, n'kupita kubafa kukachapa zovala zimene ndinali nditachapa kale.

Mwana ndinamuuza kuti netiweki yavuta. Tsopano m'mawa uliwonse amandifunsa kuti, "Amayi aang'ono, netiweki yabwera?" Dzulo ndinamupeza atakwera pa chidebe panja, wakweza foni m'mwamba monga amaonera akuluakulu akuchitira. Akuyamba sukulu pakatha masabata atatu. Yunifolomu yasokedwa, ili pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo akudziwa kuti tsiku limenelo amayi ake ali naye mawu.

Munthu anandilera, anandipempha chinthu chimodzi chokha, ine ndachitaya ndi chala changa. Bola ndikanasuzumira, bwenzi ndikudziwa zimene ananena. Maganizo ena akundiuza kuti tsikulo likafika ndimuuze mwana kuti ndinaonera vidiyoyo, ndimupekere mawu abwino, sadzadziwa. Kodi pali njira yobwezera zinthuzi? Nanga ngati palibe, ndimuuze chiyani?

E.N., wantchito ya m'nyumba

Mayi E.N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo sindikunamizani. Zimene zakhuthulidwa m'bini nthawi zambiri zimapitiratu. Mwayi ulipo, koma ndi wochepa, ndipo ukuchepa tsiku ndi tsiku pamene inu mwakhala chete. Ndiye pukutani misozi kaye, tigwire ntchito.

Choyamba mumvetse chimene chinachitika, kuti musiye kudzimenya nokha. Injiniya uja sanasamutse kanthu. Anangokupatsani chilolezo choonera foda ya madamu kuchokera ku akaunti yanu. Zili ngati anakutsegulirani zenera loonera m'chipinda cha eni ake n'kukuuzani kuti katundu ali kwanu. Mutachotsa katundu m'chipindamo, pazenera simukanaonanso kanthu. Iyeyo ndi amene amadziwa ntchitoyi, ndipo anakuuzani kuti mukasese. Inu munachita zimene manja anu anazolowera kwa zaka zinayi. Mlandu wanu ndi umodzi wokha, kukhala chete masiku asanu ndi anayi, ndipo umenewu mukhoza kuuthetsa lero.

Munthu yekhayo amene angathandize ndi madamu, chifukwa akauntiyo ndi yawo. Makampani ena osunga zinthu pa intaneti amatha kubweza zimene zafufutidwa ngati mwini akaunti wapempha msanga, koma amapereka masiku ochepa, ndipo salonjeza. Madamu alowe mu akaunti yawo, apite pa gawo lopempha thandizo, alembe tsiku limene zinafufutidwa ndi dzina la foda. Musawadikire pakhonde m'mawa akuthamanga. Akabwera kuntchito atakhala pansi, nenani mawu awa okha: "Madamu, pa zimene ndinafufuta zija panali mavidiyo a malemu achemwali anga osiyira mwana, ndikupempha mundithandize." Zinazo adzafunsa okha. Ngati pakamwa pakana, dulani tsamba lino muwapatse m'manja. Adzadzizindikira.

Chachiwiri ndi laputopu yakale imene anaitchula. Ngati inkalemera ndi zinthu zanu, mwina inkakopera zonse zimene zinali mu akaunti, ndipo ngati sinayatsidwe chifufutireni, mwina mavidiyowo akadali mmenemo. Apa samalani kwambiri. Isalumikizidwe ku intaneti. Ikangolumikizidwa idzamva kuti foda inafufutidwa, nayonso idzafufuta. Muzimitse kaye intaneti ya m'nyumba, kenako muyatse laputopuyo, ndipo chilichonse chimene mwapeza muchikopere pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu kosomeka pa kompyuta, nthawi yomweyo. Funsaninso achibale. Mwina pa nthawi ya maliro munatumizirapo wina vidiyo ya nyimbo ija n'kuiwala. Foni yanuyo musajambulirenso zinthu zatsopano mpaka munthu wodziwa bwino ataiona, madamu ali pomwepo. Kwa Injiniya musabwererekonso, ndipo pasiwedi ya munthu, kaya yanu kaya ya abwana anu, siiperekedwa pabenchi.

Zinthuzo zikapezeka, kusamutsa kwenikweni kumayenda motere. Mumatsitsa kaye zonse kuchokera ku akaunti yakale kuti zikhale pa kompyuta kapena pa fulashi. Kenako mumalowa mu akaunti yanu n'kuzikweza kuchokera pamenepo. Mukatero mwini akaunti yakale achotse chilolezo chija, inu muone ngati zinthu zanu zikuonekabe. Muwerenge kuti mavidiyo akwana asanu ndi awiri. Asanu aja simukufunika kuwaonera, ingoonani kuti iliyonse ikuonetsa kutalika kwa mphindi zake. Fulashiyo muisunge pamene mumasunga makadi a kuchipatala a mwana, ndipo kwakaleko musafufute kanthu mpaka patatha mwezi.

Tsopano za mwana. Bodza la netiweki lithe sabata ino, chifukwa mwana wokwera pa chidebe akhoza kugwa, ndipo akadzazindikira yekha zidzamupweteka kawiri. Muuzeni mwachidule kuti mavidiyo atayika, kuti akuluakulu akuyesa kuwafufuza, ndipo mwina sapezeka. Adzalira. Mulire naye, si manyazi. Gulani kope, mulembe lero lomwe zonse zimene mukukumbukira za mavidiyo awiri amene munagwira foni: mawu a nyimbo, nkhani ya kubadwa kwake, mmene achemwali anavalira, pamene anatsokomola, pamene anaseka. Lembani mmene mwandilembera inemu. Munthu amene walemba kalata iyi sangalephere. Nyimbo ija muziimba ndinu, ngakhale mawu anu anjenjemere.

Koma zopeka ayi, mayi. Mukapeka uthenga wa tsiku la sukulu, mudzafunika kupekanso wa tsiku limene adzakule, wa banja, wa uchembere, ndipo pa tsiku la mkangano lija mudzakhala mukumunamiza ndi pakamwa pa amayi ake kuti inu mupambane. Akadzatulukira, adzakayikira ngakhale zoona zimene muli nazo, ndipo zoonazo muli nazo nokha. Tsiku loyamba sukulu mumuveke yunifolomu, mumuuze kuti amayi ake, ali pa bedi la kuchipatala, analiganizira tsiku limeneli mpaka anakutulutsani panja kuti alankhule naye yekha. Akakufunsani kuti ananena chiyani, muyankhe kuti simukudziwa, chifukwa anakuuzani kuti musasuzumire ndipo inu munamvera.

Aphungu