Manda a Mayi a Tawonga

9 Julaye 2022
Tawonga wanyamuka. Sitima ya ana asukulu ndi asayansi, masabata atatu ku Arctic, kukayeza madzi oundana. Mwana wanga mmodzi yekhayo, zaka 17. Ngati kuzizira kwa kunja kuno ku Brampton sikunamukwane! Ine ndabwerera kuntchito kuweyahausi yosungira katundu, kukanyamula makatoni. M'nyumba zii.

21 Julaye
Uthenga wake woyamba. Chithunzi cha manda a kamudzi kena m'mbali mwa nyanja. Nthaka yomwe inkakhala youndana chaka chonse yasungunuka, gombe likugumuka, mitanda yapendekeka. Bokosi lina lili pamtunda. Chakudya chandikanika.

3 Ogasiti
Wabwera, milomo yong'ambika, mutu wodzaza manambala. Akuti dziko likutentha, ayezi akusungunuka uko, anamondwe akukula kwathu. Watsegula mapu a Chikwawa, chala pomwe tidaika mayi ake zaka zinayi zapitazo, kufupi ndi Shire. Chichewa chake chothyokathyoka chija: "Adadi, tiwachotse amami pamenepo." Ndamukalipira. Masabata atatu pasitima wasanduka mneneri? Mtembo uja ndidauperekeza ndekha pandege kuti mkazi wanga akagone pambali pa makolo ake.

14 Ogasiti
Tawonga sakundilankhula. Ndaimbira mlamu wanga Justin kumudzi za kusamutsa mtembo. Iye: "Alamu, kufukula maliro? Mwayamba ufiti kunjako? Timange chiliza basi." Mtima wanga wakhala pansi. Kunena zoona, ndimafuna andikanize.

2 Okutobala
Chiliza chamangidwa. Simenti yambiri, akuti sichingasunthe. Ndamuonetsa Tawonga chithunzi. Wangoti chakongola.

14 Malichi 2023
Namondwe kumudzi, mvula tsiku lachitatu. Foni ya Justin sikupezeka. Ndagwetsa makatoni kawiri. Ndili ndi mantha.

19 Malichi
Justin wapezeka, ali pasukulu ina pomwe anthu athawira. Onse ali moyo, Mulungu atamandike. Koma manda kulibe. Mtsinje wadutsa pomwepo, patsala mchenga wokhawokha. Wafufuza ndi ndodo tsiku lonse, ngakhale kachidutswa ka simenti osakapeza. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Nanga a mwana?

20 Malichi
Ndamuuza Tawonga m'mawa uno tikumwa tiyi. Ndimadikira kuti anene kuti paja ndidakuuzani. Bwenzi zili bwino akadatero, ndikadapeza pokwiyira. Wangotsuka kapu yake, kuipukuta, kenako osandiyang'ana: "Adadi, inuyo mukadzamwalira ndidzakuikeni kuti?"

Basi ya kuntchito yandisiya ndikadali patebulo.