Mphini za a Febe

Lolemba, 4 Ogasiti

Mphepo tsiku lonse. Fumbi mpaka m'mano. Chiliza cha a Febe chatha kumangidwa. Mmisiri wasiyapo malo a chithunzi, obulungira ngati chivindikiro cha poto. Kuvundukula pa 23.

Saulosi waimba kuchokera ku Joni. Akufuna nkhope ya mayi ake pachiliza ndi pamatisheti a abale. Mwana wanga ameneyu akatumiza thandizo amatumizira limodzi ndi malamulo. Ndayamika zonse ziwiri.

Koma chithunzicho chili kuti? Cha ukwati wathu chiswe chinadya, chinangosiya nsapato zanga. Cha pachiphaso cha unzika chilipo, koma pamenepo akuoneka ngati awagwira ndi mbuzi ya eni. A Febe anali munthu wothawa kamera ngati ngongole.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi: nkhope yawo yayamba kundithawa. Mawu ndili nawo onse. Kutsokomola kwawo, kuitana nkhuku, kaseko kaja ka m'mphuno. Ndine munthu wa khutu ine. Ndikatsinzina ndimawamva bwinobwino, koma kuwaona ayi. Chaka chimodzi chokha, eti.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Pa Nambuma kukagula mchere. Ndinalowa m'shedi ya vidiyo kuthawa fumbi. Mpando wanga wakale ukadalipo pambali pa kanema, pano amaikapo batire.

Ndinakhalapo zaka pamenepo, kufotokozera anthu mafilimu. Chingerezi sindichidziwa, Chitchaina ndiye ayi. Sukulu ndinkangoidutsa ndili m'mbuyo mwa ng'ombe, zilembo izi ndi za sukulu ya kwacha, imvi zitamera kale. Koma munthu wonama amamveka m'chinenero chilichonse, wofuna mkazi wa mnzake chimodzimodzi. Ndinkangomvera kukhosi kwawo n'kuuza anthu nkhani. Masiku ano mafilimu amabwera omasulira kale. Zili bwino, msana unkapweteka.

Mwini shedi atamva za chithunzi anaseka. "Madala, mwaiwala filimu ya mtedza?"

Ndinali nditaiwaladi. Anyamata a sewero a kutchalitchi kwathu anajambula filimu m'mudzi muno kalekale. Pothamangitsana anaponda mtedza umene a Febe anayanika pabwalo. A Febe anatuluka ndi tsache, osadziwa kuti kamera ikuona. Anyamatawo sanachotse gawolo chifukwa m'pamene anthu ankaseka kwambiri.

Wafufuza m'katoni, wachipeza chimbalecho. Chokalikakalika ngati pansi pa mbale yagalu. Wakana kulandira kanthu. Mulungu amuonjezere mabatire.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Monalisa wafika dzulo kuchokera ku Namitete, laputopu kumsana ngati khanda. Mdzukulu wanga woyamba. Amagwira m'shopu yosindikiza mapepala, koma mtima wake uli kwina. Wandionetsa. Amaimitsa filimu pamene nkhope ya wosewera yaoneka bwino, n'kujambula sikiriniyo, n'kudula kachithunzi kobulungira ngati kachivindikiro ka botolo. Kenaka amakoleza mitundu mpaka munthuyo kuwala ngati switi. Anzake okonda mafilimu a ku Koreya amaika tizithunzito pamafoni awo m'malo mwa nkhope zawo.

Ndinamufunsa ngati anyamata osalala amenewa amadziwa kuti ku Namitete ali ndi akazi. Akuti, "Agogo, inunso munkakwatitsa Atchaina pa Nambuma, anadziwa?" Pakamwa ndi pa agogo ake aakazi.

Chimbale chinavuta. Kuchipukuta ndi malaya, kuchiuzira, kuchinyengerera. Chinavomera masana.

A Febe. Kutuluka pakhomo, tsache m'mwamba. "Chokani pa mtedza wanga, ana a afiti inu." Mawu omwe aja. Ndinakhala pansi osafuna.

Koma chithunzi n'chotuwa, ngati ukuona munthu kuseri kwa utsi wa lupsa. Ndipo sakuima. Monalisa ankasuntha filimuyo pang'onopang'ono: apa kamwa yasamu, apa tsache laphimba mphuno, apa nkhope yasungunuka ndi liwiro. Pamapeto tinapeza malo amodzi pamene atembenuka kuyang'ana mtedzawo, mkwiyo ukutha, kuseka kusanayambe. Monalisa anajambula pomwepo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero ndaona zodabwitsa ndipo ndiyenera kulemba ndisanazikometse ndekha, pakuti ndimadzidziwa.

Monalisa anayamba ndi chitenje. Pali kamzere pasikirini, akamakakokera kumanja mtundu umadzuka. Chitenje chinali chotuwa ngati chiguduli. Anakoka pang'ono, chinayamba kufiirira. Anandifunsa, "Pafika, agogo?" Ndinati ayi, thira. Ngati mchere m'ndiwo. Anakokanso. Thira. Kenaka mwadzidzidzi lalanje lenileni, ndi masamba obiriwira m'mphepete.

Ndinachigula ine chitenje chimenecho, pa Msundwe, chaka chimene fodya anatikomera. A Febe anati n'chowala mopitirira, anthu aziti mkazi wa Filipo wapenga. Anachivala mpaka kung'ambika.

Ndinatuluka kukaona mbuzi. Mbuzi zinalibe vuto lililonse.

Nkhope wakonza ine kulibe, ndinapita kukadula mitengo ya chisakasa cha alendo. Pobwera ndinapeza watumiza kale kugulu la banja pafoni. Saulosi wayankha ndi mitima yofiira mzere wonse. Akuti chimenechi basi, chipite kosindikiza.

Ndinayang'ana. Mayi wokongola. Khungu losalala ngati dzira, lowala, maso oyera. Ndinati zikomo mdzukulu wanga, ndipo zikomoyo inali yoona, mwana wakhalira ntchito imeneyi osadya.

Koma mayiyo sindikumudziwa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi. Foni ya Monalisa yayenda m'manja mwa amayi onse panja. Alamu anga a Dorcas, mng'ono wa a Febe, anaiyandikiza pamphuno, ng'ala zija, n'kunena kuti, "Akuoneka ngati afika kale kumwamba." Onse anavomereza.

Ndiye kuti vuto ndi ine. Mwina anali otero ndithu ndipo ine ndawataya. Munthu kukhala naye moyo wonse, n'kulephera kumuzindikira pamene mudzi wonse ukumuzindikira.

A Dorcas pobwerera: "Alamu, mwadwala? Kuchokera kutchalitchi mpaka padambo osanamapo ngakhale kamodzi." Ndinati dzino.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Monalisa apita nacho ku Lilongwe Lachinayi. Chikasindikizidwa pachiliza ndiye chakhala, mvula ndi dzuwa.

Sindinapite kumunda. Ndinayesa kutsinzina n'kuika mawu a a Febe m'kamwa mwa mayi wosalala uja. Akukana kulowa. Mayi ameneyo sangatukwane munthu chifukwa cha mtedza.

Nkhuku yakuda yaswa, anapiye ambiri. Chisakasa chatsala denga.

Lachitatu, 13 Ogasiti



M'mawa ndinati kwa Monalisa andionetse mmene anachitira, kuti ndidzakhale ndi chofotokozera anthu pamwambo. Ndinalibe cholinga china. Anakondwa, palibe amene amamufunsa zimenezi.

Akuti chithunzi sachikonza pachokha. Amasanjikiza zinthu pamwamba pake, amazitcha maleya. Ngati masamba a fodya pamulu: la kuwala, pamwamba pake la mitundu, pamwamba pake la kusalaza. Choyamba chija chimakhala pansi osakhudzidwa. Leya iliyonse ili ndi kadiso pambali. Ukadina kadisoko kamatsinzina, leyayo n'kuchoka.

Anatsinzinitsa la pamwamba kuti ndione kusiyana.

Makwinya anabwerera. Ndipo palitsipa, pakati pa diso ndi khutu lakumanzere, timizere titatu takuda.

Ndinagwira sikirini ndi chala. Monalisa anati, "Pamenepo m'pokalika chimbale, agogo, ndinafufutapo."

Si chimbale. Ndi mphini. A Febe ali mtsikana ankadwala mutu wa litsipa, azakhali awo anawatemera. Nditawaona koyamba pachitsime, mtsuko uli pamutu, ndinaona mphinizo ndisanaone maso. Mutu ukawagwira ankati ndiike chala changa chachikulu pamenepo. Chala chimenechi chikuzidziwa kuposa mmene chidziwira khasu.

Nkhope yonse inabwera pomwepo, ngati munthu watsegula chitseko. Sindinawataye. Anangokwiririka.

Monalisa analira, akuti wafufuta agogo ake. Ndinati ungadziwe bwanji? A Febe chilowereni m'chigwirizano cha amayi ankakokera duku mpaka kukhutu, kuopa kuti anzawo aziti n'za kwa asing'anga. Adzukulu sanazionepo. Tsiku la mtedza lija duku linasendera m'mbuyo ndi liwiro, basi. Ndipo ukanakhala wosasunga za pansi, ndinamuuza, bwenzi lero tikulira zenizeni. Anapukuta mphuno n'kunena kuti mphunzitsi wake wa pa intaneti amati osakonza pachithunzi choyamba. Sindikumudziwa mphunzitsiyo koma ndamupempherera.

Tsiku lomwelo, madzulo

Saulosi waimba ataona chithunzi cha mphini chimene tamutumizira. Wakana. Akuti pamwambo padzakhala abusa ndi amayi a chigwirizano, mayi ake anabisa zimenezi moyo wawo wonse, ife ndife yani kuti tiziike pamtunda iwo atagona. Ndinakonza mawu ambiri omuyankha, okoma ndithu, ena a miyambi. Sanatuluke. Mwanayo akunena zoona. A Febe akanandithamangitsa ndi tsache lomwe lija.

Koma mayi wosalala uja pachiliza cha mkazi wanga, ayi.

Ndamuuza kuti ndiyankha mawa. Monalisa wangotenga laputopu kupita nayo kukatchaja kusitolo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Monalisa anandidzutsa ndi tiyi ndi laputopu.

Makwinya wawasiya onse. Khungu walibwezera kuda kwake, kuwala kwa dzira kuja wachotsa. Chitenje chokha ndiye chikuyaka lalanje, wachionjezeranso pang'ono, ndamuona. Ndipo duku. Watenga kachidutswa ka duku lomwelo n'kulitsitsa pang'ono kumanzere mpaka laphimba mphini. Akuti, "Ndangowakonzera duku, agogo. Akanakhala ndi nthawi akanakonza okha."

Ndi a Febe akupita kutchalitchi. Ndendende. Ndikudziwa chimene chili pansi pa dukulo, ndipo chilipodi, pansi pa leya.

Saulosi atachiona pafoni anaimba. Anati, "Amayi ndi amenewa." Mitima sanatumize ulendo uno.

Ndinamuperekeza Monalisa pokwerera kabaza. Ndinamupatsa nkhuku, anakana, ndinamumangirira pachikwama. Anyamata ake a ku Koreya akhala sabata yonse osawalitsidwa chifukwa cha ine. Andikhululukire.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Zatha dzulo. Anthu ambiri, chisakasa chinachepa. Matisheti a lalanje kuyambira kumanda mpaka kumsewu, a Febe paliponse, munthu wothawa kamera uja. Nsalu itachotsedwa pachiliza a Dorcas anayandikira mpaka mphuno kugunda, anakhala pamenepo, kenaka anati, "Achemwali, mwakalamba." N'kuyamba kulira. Chithunzi cha kumwamba chija sanachilirire.

Anandipempha kulankhula. Ndinafotokoza za filimu ya mtedza ndi mawu a eni ake, tsache ndi zonse. Anthu anaseka pamanda, abusa omwe. Saulosi anaseka atagwira kumaso. Akubwerera Lachitatu.

Monalisa wanyamuka m'mawa uno. Ali kale pakabaza anandiikira kanthu m'thumba la malaya n'kunena kuti ndikaone kunyumba. Kachithunzi kobulungira, kokutidwa ndi pulasitiki yolimba, kukula kwake ngati tija ta anyamata ake. Mitundu wakoleza mopanda chisoni. Lalanje, kubiriwira, kumbuyo kuli chikasu ngati mpendadzuwa. Duku lili m'mbuyo mmene linalili tsiku lija. Timizere titatu poyera.

Kameneka sikali pafoni ya munthu aliyense. Akuti kamodzi kokha.

Chala changa chachikulu chikukwana bwinobwino pamenepo.

Pakhomo pali zii. Mapoto obwereka sanabwezedwe, mbuzi sindinamasule. Ndakhala pakhonde, ndaika kachithunzi m'thumba, ndatsinzina kuti ndiyese popanda kuonera. Mawu abwera poyamba monga mwa masiku onse, chokani pa mtedza wanga. Ndadikira. Kenaka pang'onopang'ono, kuyambira palitsipa, kutsikira kutsaya.

Febe, iwe, duku lako lasendera. Lisiye choncho, kuno kulibe anthu