Thobwa la Amayi

Nsaru,
Lilongwe.
19 Juni 2023

Okondedwa achimwene a Joel,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kepuko pamodzi ndi alamu anga a Eunice ndi ana. Kuno kwazizira, anthu anamaliza kukolola chimanga, pano ali kalikiliki kuthothola mtedza. Ine thupi lili bwino, moti bwino wakeyo akundinyansa, poti miyendo ikufuna msewu koma kothamangira kulibe.

Mwakhala mukundikalipira pafoni kuti ndauma mutu, ndipo ine ndimangoti "ndamva". Si mwano ayi. Nyumba ino mukuidziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda amayi amamva ali pakhonde. N'chifukwa chake ndasankha kulemba. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo alamu musawaonetse.

Za mpikisano wa mu Malichi simufunika kuuzidwa, poti munalipo. Ndinasambira m'nyanja makilomita pafupifupi anayi, ndinapalasa njinga makilomita 180, n'kuthamanga enanso 42, ndipo pa akazi onse ndinatuluka wachitatu. Tsiku limenelo ndinalivutikira zaka khumi ndi ziwiri, kapena ndinene kuti kuyambira kale lija ndinkaba njinga ya malemu abambo n'kukasambira kudamu la kuesiteti, inu n'kumakwapulidwa m'malo mwanga. Pamzere womaliza paja munalira ngati khanda, musakane. Kenaka anthu oyeza aja ananditenga kuti ndikapereke mkodzo, monga amachitira ndi aliyense wopambana. Ndinapereka ndikuseka. Patatha milungu isanu kalata inabwera yoti apezamo mankhwala oletsedwa, olimbitsa minofu.

Loya wanga ananena mosapita m'mbali. Ndikasonyeza komwe mankhwalawo anachokera, munthu amene anandipatsa n'kulumbira papepala kuti ine sindinkadziwa, chilango chingatsike mpaka chaka chimodzi. Ndikapanda kutero, ndi zaka zinayi. Ndili ndi zaka 33, achimwene. Pamasewera athuwa munthu wobwerera ali ndi zaka 37, dzina litada kale, palibe kampani ingamuveke jezi. Inu mumangoti, "Febe, kumbukira chimene unadya." Ndinakumbukira kalekale.

Paja kutatsala milungu iwiri kuti mpikisano uchitike ndinabwera kuno kudzavundukula chiliza cha abambo, inu atakukanizani tchuthi. Nthawi imeneyo bondo linkandivuta, ndinkayenda motsimphina. Ine amene kunjako sindimeza ngakhale panado ndisanafunse dokotala, ine wowerenga pepala la pabotolo lililonse ngati ndikukonzekera mayeso, kuno ndinamwa thobwa la amayi m'mawa uliwonse kwa masiku asanu ndi limodzi. Nanga munthu ungafunse mayi wokubala kuti m'thobwa mwawo muli chiyani? Linkawawirako pang'ono, ine ndinkangoti chimera chinapsa. Bondo linasiya kupweteka, ndipo ndinayamika mpweya wa kumudzi.

Nditabwerera kuno mu Meyi, amayi aang'ono a Dorika ananditsatira kudimba. Anayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "Febe, usadzanditchule. Mayi akowa atakuona ukutsimphina anati pali anthu ansanje akumanga miyendo yako. Tinanamizira zopita kuchipatala, koma tinapita kwa bambo wina woombeza kuseri kwa Kabudula. Anawapatsa botolo loti azithira m'thobwa, n'kuwauza kuti mwini wake asadziwe, akadziwa mankhwala asukuluka. Kodi si zimenezo zakupwetekazi, mwanawe?"

M'mawa mwake ndinamanga duku ndi chitenje, ndinabwereka njinga, ndinapita kwa bamboyo ngati wodwala nyamakazi. Mizu inalipo ndithu, yopachika m'denga monse. Koma kuseri kwa chitseko kunali katoni yodzaza timapaketi ta mapilitsi totha, ndipo nditatola kamodzi ndinaona dzina lomwe lija lili m'kalata yanga. Iye osachita n'komwe manyazi, anangoseka n'kunena kuti, "Amenewo, mayi, ndi othandizira mizu kuti iyende msanga m'thupi." Ndinafuna kumuswa mutu ndi kamunsi kake komwe kosinjira. Ndinatuluka kapaketiko kali m'thumba.

Ndiye umboni umene mukuufunawo ndili nawo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, achimwene. Wolumbira papepalapo ayenera kukhala amayi, ndipo loya akuti chigamulo chikatuluka amachiika poyera, manyuzipepala ndi wailesi n'kutola. Amayi avala yunifolomu ya chigwirizano zaka zoposa makumi atatu, ndipo theka la zakazo akhala mtsogoleri. Ndi iwo amene ankayendera azimayi odulidwa mumpingo chifukwa cha maula, kukawalangiza. Akulu a mpingo akamva sangachitire mwina, lamulo ndi lamulo. Adzawaimika, adzawavula yunifolomu, ndipo adzayenera kukhala chaka chathunthu m'kalasi asanawabwezere.

Chaka chimenecho amayi alibe. Izi ndi zomwe ndakhala ndikukubisirani, ndipo mundikhululukire, anandilumbiritsa okha poopa kuti mungasiye ntchito. Dokotala anati mtima wawo wakula ndipo watopa. Miyendo yatupa mpaka m'maondo, kuchoka pakhonde kufika pankhokwe amapuma kawiri. Nditamufunsa pambali dokotalayo kuti tiyembekezere zotani, anati mvula yoyamba ikawapeza tidzayamike. Yunifolomu anaisita kale, anaipinda m'sutikesi, ndipo nyimbo zodzaimba pamaliro awo anasankha, anauza amayi anzawo. Inu munaona maliro a malume a Benedicto, amene anamwalira ali odulidwa, mmene anazizirira. Kunalibe kwaya, kunalibe amayi ovala zoyera, mkulu mmodzi anangopemphera mwachidule kumanda anthu n'kubalalika. Amayi anabwerako akulira, osati chifukwa cha imfayo koma chifukwa cha kuzizirako.

Musandiyese mngelo. Masiku ena ndimawayang'ana akuwothera dzuwa, mtima n'kundiwira moti ndimalakalaka kukuwa kuti mudzi wonse umve. Zaka zanga zonse zija zodzuka tambala asanalire, zikhadabo za kuphazi zothothoka, madzi a mchere amene ndamwa, ukwati umene ndinaukana, zonse zathera m'kapu ya thobwa! Tsiku lina ndinafikadi pakhonde kapaketi kali m'manja, mawu nditakonza. Ndinawapeza atawerama, akulimbana ndi patapata amene phazi likukana kulowa. Ndinagwada, ndinawaveka, ndinabwerera m'nyumba ndi kapaketi kanga.

Lachiwiri lapitali wailesi inalengeza kuti andiimitsa. Pofika masana nkhani inali itafika paliponse. Pamsika wa Nsaru anyamata a kabaza ankandikuwiza kuti, "Sisi, tigawireniko zija, tizifika ku Lilongwe dzuwa lisanakwere!" Amayi nawo anamva. Koma kwa iwo mankhwala oletsedwa ndi chamba ndi majakisoni a m'matauni akunja. Za botolo lawo sizikuwafikira m'mutu n'komwe, poti lija kwa iwo linali la mizu, mizu ya m'tchire lathu lomweli.

Anandiitana pakhonde, a Dorika ali pomwepo, maso ali m'lichero.

"Febe, khala apa," anatero amayi. "Ine ndinakulera ndi mapemphero. Unasowa chiyani kuti ukabe chipambano cha anzako? Tandiuza zoona, mankhwalawo unamwadi?"

Ndinayang'ana a Dorika, iwo osadzutsa mutu. Ndinayang'ana miyendo ya amayi ija.

"Ndinamwa, amayi."

Sindinaname, eti? Misozi ya amayi inayamba kutsika, yolirira moyo wanga wotayika.

Lachinayi amayi a chigwirizano anadzasonkhana pakhomo pano, poti mtsogoleri wawo sangathenso kuyenda mpaka kutchalitchi. Anandigwaditsa pamphasa pakati pawo. Anapempherera mwana wolowerera, anapempherera mtima wokonda ulemerero wa dziko, wina mpaka anapempha kuti chiwanda cha njinga chindichoke. Pa mawu amenewo ndikanaseka pakanakhala pena. Pomaliza amayi anaimirira mogwirizidwa ndi anthu awiri, anaika dzanja pamutu panga, n'kunena kuti, "Mwana wanga, wandichititsa manyazi ndili pafupi kupita. Koma ndakukhululukira." Dzanjalo linali lolemera ndi lozizira. Ndinati zikomo, amayi, ndipo onse anaimba mokondwera.

Lachisanu m'mawa ndinasaina pepala lovomera zaka zinayi, ndinalitumiza kwa loya. Kapaketi kaja ndinakaponya m'chimbudzi. Musavutike kumuimbira, zatha. Mtima ukundipweteka kwambiri, achimwene, sindikubisirani, ndipo sindikudziwa kuti munthu amene amangodziwa kusambira, kupalasa ndi kuthamanga amatani ndi tsiku lonse.

Ndili ndi zopempha zingapo. Mendulo ili m'kabati mwanumo eni mpikisano akaifuna muwapatse, musakangane nawo. Njinga yanga muipereke kukalabu, kuli atsikana abwino amene akupalasa zikhakha. Aphunzitsi anga muwauze kuti sanalakwe kundikhulupirira, koma zambiri musanene. Chachikulu, pemphani tchuthi mubwere mwezi wa Ogasiti usanathe, musadikire Khirisimasi. Mukabwera mudzandikalipire pamaso pawo monga achitira mlongo wamkulu, kuti asakayike kanthu. Mukadzangotsegula pakamwa za Kabudula, ine ndi inu ubale udzathera pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. A Dorika akupereka moni, ngakhale masiku ano sakutha kudya nane mbale imodzi. Amayi ali pakhonde pano, aona ndikulemba, ndipo akupereka moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti musanditaye chifukwa cha tchimo langali, iwo anandikhululukira kale, ndiye nanunso mundikhululukire. Andibwerezera katatu kuti ndisaiwale mawu amenewa, ndiye ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Febe