Amene ndinamukaniza kunyamula Amayi Maria wanyamula bambo anga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 57, wobadwira ku Brooklyn m'banja la Chitaliyana. Julayi aliyense timatulutsa chifaniziro cha Amayi Maria m'tchalitchi n'kuyenda nacho pamapewa mumsewu wathu, a bandi ali patsogolo, utsi wa soseji uli tolotolo. Bambo anga, a Gaetano, anatsogolera onyamula kwa zaka makumi awiri. Lero ali ndi matenda oiwala, ndipo panatha zaka ziwiri osanditchula dzina.

Chaka chino tinapita nawo pa njinga ya olumala. Anthu anali pikitipikiti, moti tinapanikizika pakhomo pa nyumba yathu yakale, momwe tsopano mukukhala banja lochokera ku Dominican Republic. Mwini nyumba, Wilmer Peña, dalaivala wa basi, atatuluka, mtima wanga unangoti myuu. Chaka chatha munthuyu anapempha kulowa m'gulu la onyamula, ine n'kuimirira pamsonkhano kunena kuti, "Awa ndi Amayi a makolo athu, obwera azionera patali." Gulu linamukana.

Koma pakhomo paja Wilmer anangoyang'ana bambo n'kuti, "Akuluwa aonapo chiyani apa, matako a anthu?" Ndinayamba kuchita chibwibwi, koma anandidula: "Ndikukudziwani, achimwene. Gwirani kumiyendoko, masitepewa ndi oterera."

Tinawakweza mpaka pawindo lam'mwamba, pomwe malemu mayi ankaponyera maluwa. Bandi itaima pansi pathu n'kuyamba nyimbo yakale, bambo anandikoka malaya n'kunditchula dzina. "Carmine, auze akumanzerewo akweze phewa, akuwapendeketsa Amayi!" Ndinalira ngati mwana.

Mkazi wa Wilmer anatipatsa khofi, za msonkhano zija osatchulidwa. Mpaka lero mtima wanga wadzaza. Ndimuthokoze bwanji? Mkazi wanga akuti makeke ndi botolo la vinyo zikwana, zakale ndisazifukule.

C.L., Brooklyn

A C.L.,

Kalata yanu yandisangalatsa. Makekewo apite, koma asapite okha. Akazi anu akufuna kukutetezani ku manyazi, komatu manyaziwo ndi anu, asenzeni.

Pitani nokha kwa Wilmer. Yambani ndi kuthokoza, ndipo mumuuze kuti bambo anu anali atatha zaka ziwiri osakutchulani, chifukwa mwina sakudziwa kukula kwa chimene anachita. Mukatero, bwerezani mawu anu a pamsonkhano aja momwe munawanenera, muvomere kuti munalakwa. Zoti "ngati ndinakulakwirani" zisiyeni kunyumba.

Kenako mufunseni ngati akufunabe kunyamula. Akavomera, pamsonkhano wotsatira mudzaimirire muyambe inu kutchula dzina lake. Munamunyoza pagulu, kupepesa kwa kuseri sikukwanira. Ena adzati mwagulidwa ndi kapu ya khofi. Musakangane nawo, afotokozereni za masitepe aja, kuti anzanu onse a Chitaliyana ali mumsewu, amene anaona nkhalambayo ndi ndani.

Chenjerani pawiri. Wilmer atha kukana, ndipo ndi ufulu wake. Sanakweze bambo anu kuti agule malo m'gulu lanu, ndiye akakana musamutupire mtima. Komanso bambowo musamawapanikize ndi funso loti "Ine ndine ndani?" pofuna kuti zija zichitikenso. Matendawa sabwerera m'mbuyo. Muziwaimbira nyimboyo, muziwagwira dzanja, akakhala chete inunso mukhale nawo chete. Anakuitanani kamodzi, ndipo munalipo.

Aphungu