Mng'ono Waima Pakhomo, Sakulankhula

Loweruka, 1 Febuluwale

Kalasi yachitatu ya kalembedwe ka mafilimu. Pa intaneti, 2 koloko masana. Anthu khumi ndi awiri m'timabokosi pa laputopu, ine bokosi lapansi kumanja, nkhope bii chifukwa zenera lili kumbuyo kwanga. Netiweki yadula kawiri.

Aphunzitsi, mayi wa imvi amene mphaka wawo amadutsa pa kamera ngati mwini kalasi, andibwezera gawo langa. Lija la akazitape ndi helikopita. Afunsa, "Munakwerapo helikopita?" Onse kuseka, maiki atatseka, mapewa okha kugwedera. Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo.

Ntchito ya sabata ino: masamba atatu, chipinda chimodzi, mawu amene ndinawamva ndi makutu angawa. Ndimamva chiyani ine? Tsiku lonse pa shopu yosindikiza mapepala ndi "Makope awiri, kutsogolo ndi kumbuyo."

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Loweruka lija ndimadzinamiza. Chimene ndinamva ndikuchidziwa.

Chaka chatha, tsiku limene alamu anachoka. Achemwali atayala bulangete pa tebulo, akusita malaya a mwamuna wawo amene akupita kwa mkazi wina. Sutikesi ili yasa pa sofa. Alamu kuti, "Zisiyeni, mayi." Iwo osadzutsa mutu: "Musapite ndi makwinya. Angamati kumene mwachokera kunalibe mkazi." Ine nditaima pakhomo.

Ndalemba nthawi ya nkhomaliro, bwana atatuluka. Mphindi makumi anayi basi. Mawu sanayambe anditulukira chonchi. Mayina ndachotsa, ndaika MKAZI, MWAMUNA, MNG'ONO. Kubisa kwake kumeneko.

Madzulo achemwali abwera kuchokera kuchipatala mapazi atatupa. Akuvula nsapato za unamwino zija, afunsa, "Helikopita yako yatera?" Ndati ikadali m'mwamba. Aseka mpaka kutsokomola. Chaka chachinayi ndili m'nyumba mwawo, sanandiuzepo kuti ndikudya kwambiri kapena ndikuwononga magetsi.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndatumiza. Chala chinaima pa batani nthawi yaitali, koma chinadina ndithu. Palibe amene anandigwira dzanja.

Ndasindikizanso kope imodzi pa shopu, kungofuna kuona mawu anga papepala. MKATI. CHIPINDA CHOCHEZERA. MASANA. Zooneka ngati za anthu enieni. Ndapinda, ndaika m'chikwama cha laputopu.

Za laputopuyi sindilemba lero.

Loweruka, 8 Febuluwale

Andiyamikira. Ine. Pamaso pa onse. Aphunzitsi ati mzere wa makwinya uja munthu sangaupeke, ngakhale atakhala pansi chaka. Mtima myaa. Kenako kutentha kumaso, chifukwa zoonadi sindinaupeke.

Gawo langa lasankhidwa kuti liwerengedwe mokweza Loweruka likubwerali. Dongosolo lake: anzathu agawana anthu a m'sewero, wolemba atseka maiki, kamera isiyidwa yoyatsa. Osafotokoza, osadziteteza, mpaka onse atamaliza ndemanga. Ati wolemba sakhalapo m'holo kuti aziuza oonera zimene ankatanthauza.

Koma funso limodzi. "Mng'onoyu waima pakhomo masamba atatu. Akufuna chiyani? Akubisa chiyani?" Ndati wangoima. Avula magalasi. "Mu filimu palibe amene amangoima. Mupatseni chifukwa, apo ayi mumuchotse."

Ndadandaula kuti netiweki ikuvuta. Sinkavuta.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Achemwali kutchalitchi. Ine mutu ukuwawa, ati.

Ndilembe basi, buku ili silikhala ndi pakamwa.

Miyezi khumi alamu asanachoke. Nditangoyamba ntchito pa shopu ija, iwo asanadziwe kuti ndi imeneyo. Analowa ndi mkazi wobereka khanda kumbuyo. Mkaziyo ndiye anandipatsira pepala, kalata yakubadwa ya mwana, makope awiri. Ndinaiyala pagalasi ndi manja angawa. Dzina la bambo: alamu anga. Nditadzutsa maso, iwo ali pakhomo, akuyang'ana nsapato zawo.

Sitinalankhule. Patapita sabata anabwera kunyumba ndi katoni, laputopu mkati. "Mlamu, ndinamva umafuna kulemba mafilimu." Achemwali anaomba m'manja, nkundiuza kuti ndigwade ndithokoze. Ndinagwada.

Miyezi khumi ndikudya nawo pa tebulo limodzi. Achemwali akuwaikira madzi osamba, akuwasungira chakudya m'mbale zovundikira. Ine ndikuphunzira kutayipa ndi zala zonse.

Ndiye akubisa chiyani mng'onoyu? Aphunzitsi inu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndayesa kumupatsa mawu MNG'ONO. Ndalemba "Achemwali," ndaika mpumiro, ndafufuta. Katatu. Mapeto ake ndamunyamulitsa thireyi ya makapu kuti aziona ngati ali ndi chochita. Manyazi ndi ine.

Mahedifoni afa mbali zonse tsopano. Zilibe kanthu. Ndandanda ya achemwali ya pa fuliji ikuti Loweruka ali pa ntchito mpaka 5.

Bwana wandipeza ndikunong'ona ndekha pa makina. Wati ndikadzatchuka ndidzamuike m'filimu, koma wopanda mimba.

Loweruka, 15 Febuluwale

Sindikudziwa poyambira.

Ndinavala bulauzi yabwino. Tebulo ndinalitembenuza kuti zenera liwalire kumaso, khomo kumbuyo. Mawu ndinakweza mpaka mapeto. Mayi wina wa ndolo zazikulu anatenga MKAZI, bambo wina wandevu anatenga MWAMUNA. MNG'ONO sanafune munthu, poti salankhula.

Anawerenga bwino, ndiye vuto lake. Wandolo anapeza ngakhale kapumidwe ka achemwali. Ali pa tsamba lachiwiri, ndinadziyang'ana m'kabokosi kanga kuti ndione ngati nkhope ili bwino. Kumbuyo kwa phewa langa, pakhomo, yunifolomu yoyera. Chikwama m'manja. Achemwali anasinthana tsiku la ntchito ndi mnzawo, ndamva pambuyo pake.

Sindinatembenuke. Ndinkawaona pa sikirini, iwo akuona msana wanga. Ndipo mawu a mlendo akudzaza chipinda chomwecho, pa tebulo lomwelo: "Musapite ndi makwinya."

Ndikanatha kutseka laputopu. Dzanja limodzi, phwa, zatha. Ndinadziuza kuti lamulo likuti wolemba asagwedezeke. Bodza. Ndinkafuna kumva ndemanga. Ndilembe bwinobwino kuti ndidzawerenge ndikadzayamba kudziona ngati munthu: mkulu wanga ataima kumbuyo kwanga, ine ndinadikira kuti andiombere m'manja.

Anaombadi. Timanja tachikasu m'timabokosi monse. Wandevu kuti, "Koma mkaziyu, ndi woyera mtima kapena wopusa?" Onse kuseka, nkuyamba kukambirana. Nditayang'ananso, pakhomo palibe munthu.

Aphunzitsi okha ndi amene sanaseke. Atatsala pang'ono kutseka anafunsa, "Amene anaima kumbuyo kwanu aja ndani?" Ndinati achemwali anga. Anangoti, "Chabwino. Tionana."

Lolemba, 17 Febuluwale

Bola achemwali atandikalipira. Atanditukwana, atanditayira zovala panja, chilichonse.

Ayi. Tiyi wanga ali pa tebulo m'mawa monga nthawi zonse, atavundikira ndi sosala. Koma "iwe" uja watha. Dzulo: "Mwadzuka bwanji, alembi?" Lero: "Mukatuluka mukhome, alembi." Chibadwire changa sananditchulepo inu.

Gulu la kalasi pa foni likungolira. Wina akuti gawo lija lingapambane mpikisano wa mafilimu afupiafupi, watumiza ndi linki. Wandolo akufunsa ngati MKAZI anakwatiwanso, akuti wamukonda. Sindinayankhe. Linki ija ndaitsegula, ndawerenga malamulo onse mpaka pansi. Ndine munthu wotani kodi?

Lachinayi, 20 Febuluwale

Kope yosindikiza ija mulibe m'chikwama. Ndakhuthula zonse pa bedi. Chaja, cholembera, mahedifoni akufa aja. Mulibe.

Ntchito ya sabata ino sindinagwire. Aphunzitsi alemba uthenga wa ine ndekha: "Tonse timatenga kwa anthu athu. Koma amene watenga ayenera kuikapo chake. Inu mwaikapo chiyani?" Ndawerenga ndili pa makina, mpaka ndasindikiza mbiri ya ntchito ya bambo wina chadodolido, makope khumi.

Madzulo ndinafika pa chitseko cha achemwali. Wailesi ikulira pansipansi mkati. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode. Ndinakatunga madzi akumwa.

Chimene ndikuopa si kuthamangitsidwa. Ndikuopa kuti tikhala chonchi, tiyi ndi "alembi", mpaka tidzakalambe.

Loweruka, 22 Febuluwale

2 koloko yakwana, yadutsa. Sindinalowe m'kalasi.

Pobwera kuchokera ku shopu ndapeza mapepala aja pamwamba pa laputopu, atawongoledwa bwino. Cholembera chofiira, chimene achemwali amalembera makadi a odwala. Akonza ngati aphunzitsi enieni.

Tsamba loyamba. Pamene ndinalemba "malaya atatu" adula, alemba "asanu. Abuluu aja ndinasita kawiri."

Tsamba lachiwiri. Pamene ndinalemba kuti MKAZI akugwetsa misozi pa kolala: "Sindinalire. Inali nthunzi ya ayironi. Kulira ndinalira Lachinayi, kuchimbudzi cha kuntchito."

Mzere wa makwinya sanaukhudze. Angoika kachizindikiro kokhoza pambali.

Tsamba lachitatu. MNG'ONO waima pakhomo, sakulankhula. Azunguliza kawiri, mpaka pepala kuboola. Thireyi ya makapu adula: "Analibe kanthu m'manja." Pansi pake, zilembo zing'onozing'ono:

"Ameneyu ankadziwa. Munthu amene sanamugulirepo ngakhale sopo, lero laputopu? Ndinazindikira tsiku lomwe ndinkasita lija, nditaona kuti iye sanadabwe nkomwe. Chaka chathunthu ndakhala ndikudikira kuti anene yekha. Anzako aja amve za ine, palibe kanthu, sindinabe mwamuna wa munthu. Koma ine wandivula, iwe wadzifunditsa. Mupatse mawu."

Iwe. Alemba kuti iwe.

Ndatsegula laputopu, ndapita pa tsamba lachitatu, ndatayipa MNG'ONO, kamzere kakuthwanima pansi pake. Ndakhala choncho mphindi zingapo. Ayi. Mawu amenewa si otayipa.

Ali m'chipinda chochezera. Ndikumva ayironi ikupuma, akusita yunifolomu ya mawa pa tebulo lomwe lija. Chitseko asiya chotsegula, chimene sanachite sabata yonse. Ndikaima pakhomo pomwe paja, ndipo ulendo uno ndikati, Achemwali,